Mchere m'chitini cha shuga: mafunso ndi mayankho pa static ndi dynamic typing

Amene wayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta sachedwa kukumana ndi mkangano uwu. Wina amuuza kuti atenge Python chifukwa sivutitsa, wina n'kumuuza kuti asataye nthawi, ntchito yeniyeni imalembedwa mu Java kapena Rust. Pansi pa phokosolo pali funso limodzi lakalekale: kodi mtundu wa chinthu chimene pulogalamu ikugwira uzidziwika liti? Nawa mafunso amene ophunzira amabwera nawo kawirikawiri, ndi mmene ine ndimayankhira.

Mukati "mtundu" mukutanthauza chiyani?

M'kati mwa kompyuta chilichonse ndi ma 0 ndi ma 1. Mzere womwewo ukhoza kuwerengedwa ngati nambala 65, ukhozanso kuwerengedwa ngati chilembo A, ndipo makinawo paokha saona kusiyana. Mtundu ndi umene umanena kuti mzerewo uwerengedwe bwanji, komanso kuti uloledwe kuchita chiyani. Nambala yathunthu, imene olemba mapulogalamu amati integer, mutha kuiphatikiza ndi inzake. Mawu, amene amati string, mutha kuwalumikiza kapena kuwadula, koma kuwagawa ndi 3 n'kopanda tanthauzo. Palinso mtundu wa inde kapena ayi, wa tsiku, wa mndandanda wa zinthu, ndi mitundu imene mumapanga nokha, monga Wodwala kapena Ngongole.

Nanga static ndi dynamic zimasiyana pati?

Pa nthawi yofufuza. M'chinenero cha static typing muli pulogalamu ina, kawirikawiri compiler, imene imawerenga khodi yanu yonse isanayambe kugwira ntchito, n'kuona ngati mitundu ikugwirizana. Ikapeza kusagwirizana imakana, ndipo pulogalamu yanu sinyamuka n'komwe. M'chinenero cha dynamic typing pulogalamu imangonyamuka, mitundu n'kumaonedwa m'njira, mzere uliwonse ukafikidwa.

Taganizani za makhitchini awiri. M'khitchini yoyamba chitini chilichonse n'cholemba, ichi shuga, icho mchere, ndipo mayi wa panyumbapo amakugwirani dzanja mukangoti muthire mchere m'chitini cha shuga. M'khitchini yachiwiri zitini n'zosalemba. Lero muikamo shuga, mawa mchere, palibe wokuletsani, koma chilichonse chimalawidwa pa nthawi yoti chigwiritsidwe ntchito. Mukalakwitsa mudziwa ndithu, kungoti mudziwa madzi a tiyi atawira kale, alendo ali pakhonde.

Mu Java mukalemba `int msinkhu = 30;` mwalonjeza kuti dzina lakuti msinkhu lizisunga nambala yathunthu basi. Mukadzayesa kuikamo mawu akuti "makumi atatu", compiler ikana. Mu Python zonse ziwiri zidutsa bwinobwino, chifukwa kumeneko mtundu sukhala pa dzina, umayenda ndi chinthu chosungidwacho. Vuto lidzatulukira pulogalamu ikafika pa `msinkhu + 1`.

C, C++, Java, C#, Go, Rust, Kotlin, Swift ndi Haskell zili mbali ya static. Python, JavaScript, Ruby, PHP, Lisp, Smalltalk ndi Erlang zili mbali ya dynamic.

Kodi dynamic typing ndi yatsopano, yodzalowa m'malo mwa yakale?

Ayi, n'zamsinkhu umodzi. Fortran, imene John Backus ndi anzake a ku IBM anatulutsa mu 1957, inkadziwa mtundu wa variable iliyonse pulogalamu isanayende, ndipo inkadziwira pa chilembo choyamba: dzina loyamba ndi I, J, K, L, M kapena N linali nambala yathunthu, maina ena onse anali manambala okhala ndi kadontho. Chaka chotsatira, 1958, John McCarthy wa ku MIT anayamba Lisp, momwe chinthu chilichonse chimanyamula mtundu wake pulogalamu ikuyenda. Anthu a Fortran ankafuna masamu othamanga pa makina ochepa mphamvu, ndipo makina amathamanga akadziwiratu kukula kwa chinthu chilichonse. Anthu a Lisp ankafufuza za nzeru za makina, ankagwira mindandanda yosinthasintha kapangidwe, ndipo kulengezeratu chilichonse kukanawamanga manja. Zosowa ziwirizo zikadalipo mpaka lero, n'chifukwa chake palibe mbali imene inameza inzake.

Ndinamva kuti Python ilibe mitundu. N'zoona?

Si zoona, ndipo bodza limeneli lasokoneza ambiri. Lembani `"5" + 1` mu Python muone: pulogalamu iima n'kukupatsani TypeError, chifukwa ikudziwa bwino kuti choyambacho ndi mawu, chachiwiricho ndi nambala. Mitundu ilipo, kungoti imaonedwa mochedwa.

JavaScript, imene Brendan Eich analemba m'masiku khumi ku Netscape mu 1995, imachita zina. Pa `"5" + 1` siima ayi, imangosandutsa nambalayo kukhala mawu n'kukupatsani "51". Pa `"5" - 1` imasandutsa mawu kukhala nambala n'kukupatsani 4. Zonse ziwiri ndi za dynamic, koma ina imakana pamene inzake imangoganizira chimene mwina mumafuna. Ndiye pali mafunso awiri osiyana: mitundu imaonedwa liti, ndipo ikapezeka yosagwirizana chinenerocho chimalimba mtima bwanji. Funso lachiwirili anthu amalitchula ndi mawu akuti strong ndi weak. C ndi ya static, koma imakulolani kuuza compiler kuti malo ena a mu memory iwatenge ngati mtundu uliwonse umene mwanena, ndipo imakukhulupirirani ngakhale mukulakwa.

Static typing imagwira zolakwika zotani kwenikweni?

Zambiri ndi zazing'ono: dzina lolembedwa mophonya chilembo, function yopatsidwa zinthu ziwiri pamene imafuna zitatu, mawu oikidwa pofunika nambala. Munthu angati zimenezi ndiziona ndekha ndikayendetsa pulogalamu. Muziona ndithu, koma m'mizere yokhayo imene yayenda.

Apa m'pamene pagona nkhani. Tinene kuti mwalemba pulogalamu ya malipiro a antchito, ndipo muli kachigawo kowerengera bonasi ya kumapeto kwa chaka. Kachigawo kameneko kamayenda mu Disembala mokha. Mu Python, dzina limene munaphonya chilembo mu Januwale ligona mwakachetechete miyezi khumi ndi umodzi, n'kudzadzuka tsiku limene anthu ali pamzere kudikira ndalama za Khrisimasi. Compiler imawerenga nthambi zonse, zoyenda tsiku ndi tsiku ndi zoyenda kamodzi pachaka, ndipo ikanakuuzani mu Januwale momwemo.

Phindu lachiwiri limaoneka posintha khodi yakale. Mwaganiza kuti dzina la wodwala, limene linali malo amodzi, ligawidwe pawiri, dzina loyamba ndi la bambo. M'chinenero cha static mumasintha pamalo amodzi, compiler n'kukupatsani mndandanda wa malo onse amene akudalirabe dzina lakale. Mukawamaliza mwamaliza. M'chinenero cha dynamic mumasakasaka nokha, ndipo mumagona mukudzifunsa ngati simunasiyeko pena.

Lachitatu ndimaliona kukhala lalikulu koposa onse. Mitundu yolembedwa ndi malongosoledwe amene sangakalambe. Ndemanga imene mnzanu analemba pamwamba pa function zaka zitatu zapitazo ikhoza kukhala yabodza lero, popeza palibe amene amaifufuza. Mtundu ukayamba kunama, pulogalamu sinyamuka.

Nanga bwanji mapulogalamu a Java amagwabe ndi NullPointerException?

Chifukwa static typing si chinthu chimodzi, ina ndi yolimba, ina ili ndi ziboo. Mu Java, variable imene mwati ndi String ikhoza kukhala ndi mawu, ikhozanso kukhala yopanda kanthu, chimene amati null, ndipo compiler sisiyanitsa. Tony Hoare, amene analowetsa ganizoli mu ALGOL W mu 1965, anavomera poyera pa msonkhano wina ku London mu 2009 kuti kunali kulakwitsa kumene kwawonongetsa ndalama zokwana biliyoni ya madola. Zinenero zobwera pambuyo zinatseka chiboo chimenechi. Mu Kotlin `String` ndi `String?` ndi mitundu iwiri yosiyana, ndipo wachiwiriwo compiler sikulolani kuugwiritsa ntchito musananene chochita ukapezeka wopanda kanthu. Swift ndi Rust zili ndi njira yofanana nayo.

Ndiye pulogalamu ikadutsa pa compiler yolimba, ndiye kuti ili bwino?

Ayi, ndipo amene amakhulupirira zimenezi ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri.

Pa 4 Juni 1996 roketi yoyamba ya Ariane 5 inanyamuka ku Kourou, m'dziko la French Guiana, itanyamula masatelaiti anayi. Patangotha masekondi pafupifupi 40 inapatuka m'njira n'kuphulika. Pulogalamu yake yoyeza kayendedwe inalembedwa mu Ada, chinenero cha static chodziwika ndi kulimba kwake. Penapake nambala yaikulu ya ma bit 64 inkasandutsidwa kukhala nambala yathunthu ya ma bit 16, imene singapitirire 32,767. Khodiyo inatengedwa ku Ariane 4, komwe nambalayo sinkafika pamenepo. Ariane 5 inkathamanga cham'mbali kwambiri kuposa mkulu wake, nambala inasefukira, ndipo kompyuta yoyeza ija inaima pamodzi ndi inzake yodikirira, popeza zonse zinali ndi khodi imodzimodzi. Kwa compiler zonse zinali m'malo mwake. Inkadziwa mtundu wa nambalayo, koma sinkadziwa kukula kumene idzafike roketi ili m'mlengalenga.

Mu Seputembala 1999 NASA inataya chombo cha Mars Climate Orbiter. Pulogalamu ya kampani ya Lockheed Martin inkapereka manambala m'muyezo wa mapaundi, pamene pulogalamu yolandira inkayembekezera muyezo wa ma newton, ndipo paundi imodzi ya mphamvu ndi ma newton pafupifupi 4.45. Mbali zonse ziwiri zinali manambala okhala ndi kadontho. Mtundu unali umodzi, tanthauzo losiyana.

Zoterezi sizichitika kuthambo kokha. Ndalama za makwacha ndi za madola zonse ndi manambala, ndipo compiler iziphatikiza mosangalala pokhapokha inuyo mutapanga mtundu wa Kwacha ndi mtundu wa Dola n'kuiuza kuti iwiriyi isasakanizidwe. Yesaninso `0.1 + 0.2` mu Python, mu JavaScript kapena mu Java: yankho ndi 0.30000000000000004. Palibe mtundu umene waphwanyidwa, koma amene asunga ndalama za anthu m'manambala otere adzapeza mabuku osagwirizana. Ndalama zisungeni m'matambala ngati nambala yathunthu, kapena mu mtundu wa Decimal. Wofufuza mitundu amateteza malonjezo okhawo amene mwalemba, ndipo kusankha lonjezo loyenera ndi ntchito ya mutu wanu.

Ngati static imagwira zolakwika msanga, anthu amakonderanji dynamic?

Ali ndi zifukwa zomveka, ndipo si ulesi.

Choyamba, nthawi zambiri munthu amayamba kulemba asanadziwe bwino chimene akumanga. Mwapatsidwa fayilo ya zotsatira za kafukufuku, mizere ina ili ndi zaka, ina ndi yopanda kanthu, ina munthu analembamo "sakudziwa". Mukufuna kuitsegula, kuiyang'ana, kuyesa ichi ndi icho mzere umodziumodzi. Kulengeza kapangidwe ka chinthu chimene simunachione n'kuyamba denga maziko asanakumbidwe. N'chifukwa chake asayansi ndi osanthula manambala anakhamukira ku Python ndi R.

Chachiwiri n'chozama. Kuchokera pa zimene Alan Turing anaonetsa mu 1936, tikudziwa kuti palibe pulogalamu imene ingathe kuneneratu molondola zochita za pulogalamu ina iliyonse. Choncho wofufuza mitundu aliyense amakakamizika kusankha: akane mapulogalamu ena abwino, kapena alole ena oipa. Aliyense amene walembako Rust kapena Haskell anakhalapo ndi tsiku limene khodi yake inali yolondola koma compiler n'kumakana, iye n'kutha ola akuinyengerera. Walira mvula walira matope.

Chachitatu, m'chinenero cha dynamic function sifunsa kuti chinthuchi n'chafuko lanji, imangofunsa ngati chikutha kuchita ntchito imene ikufunika. Ngati chikuwerengeka ngati fayilo, chilowe, kaya ndi fayilo yeniyeni kapena ayi. Amati duck typing, kuchokera ku mwambi wa Chingerezi wonena za kuzindikira bakha ndi kayendedwe ndi kaliridwe kake.

Ndipo wina asakuuzeni kuti zinenero zimenezi n'zoseweretsa. Instagram inamangidwa pa Python ndi Django. Makompyuta amene amanyamula mauthenga a WhatsApp amayendera Erlang, chinenero cha dynamic chimene chinabadwira ku Ericsson mu 1986 kuti chiziyendetsa makina a matelefoni. Nzeru ya Erlang ndi ina: pulogalamu imagawidwa m'tizigawo tambirimbiri todziimira patokha, kena kakagwa kamagwa kokha, ndipo woyang'anira amakadzutsanso nthawi yomweyo.

Kodi kulemba mtundu pa chinthu chilichonse sikotopetsa?

Kunali kotopetsa mu Java yakale, momwe munthu ankalemba dzina lalitali la mtundu kawiri pa mzere umodzi. Koma static typing sikutanthauza kulemba paliponse. Roger Hindley mu 1969 ndi Robin Milner wa ku Edinburgh mu 1978 anaonetsa njira yoti compiler izipeza yokha mitundu poona mmene chinthu chikugwiritsidwira ntchito. Mu ML, OCaml ndi Haskell mutha kulemba tsamba lonse osatchula mtundu, komabe zonse n'kufufuzidwa pulogalamu isanayende. Zinenero zotchuka zinatolako nzeruyi pang'onopang'ono: C# inalandira `var` mu 2007, C++ inalandira `auto` mu 2011, Java n'kudzalandira `var` mu 2018. Lero chizolowezi chabwino n'kulemba mitundu pakhomo la function, chimene ikulandira ndi chimene ikubweza, zam'katimo n'kusiyira compiler.

Ndi iti yothamanga?

Kawirikawiri static. Compiler ya C ikaona `a + b`, ndipo ikudziwa kuti zonse ndi manambala athunthu, imatulutsa lamulo limodzi la makina. Python wamba imayenera kuyang'ana kaye kuti a n'chiyani, b n'chiyani, ndipo chizindikiro chophatikizacho chikutanthauzanji pa mitundu imeneyo, ulendo uliwonse. Kusiyanaku kwachepako: V8, injini ya JavaScript imene inabwera ndi Chrome mu 2008, imaonerera mitundu imene ikudutsa pulogalamu ikuyenda, n'kupanga khodi yothamanga ya mitundu imeneyo. Ndipo masamu olemera a mu Python amachitikira m'malaibulale monga NumPy, amene mtima wake unalembedwa mu C. Pa mapulogalamu ambiri a mu ofesi, nthawi imathera podikira netiweki ndi database, ndiye liwiro lisakhale chifukwa chanu choyamba chosankhira.

Ndikalemba ma test okwanira, mitundu ndiyifuniranji?

Funso labwino, ndipo lili ndi mbiri. Mwambo wolemba ma test ang'onoang'ono unakulira m'dziko la dynamic: Kent Beck anayamba ndi SUnit ya Smalltalk, kenako iye ndi Erich Gamma anautengera ku Java ndi JUnit. Koma ziwirizi zimagwira ntchito zosiyana. Test imayesa zitsanzo zimene inu mwasankha, ndipo imaziyesa mozama: ikhoza kutsimikiza kuti msonkho wa malipiro akutiakuti watuluka ndendende. Mtundu sungathe zimenezo. Koma mtundu umanena za njira zonse nthawi imodzi, ngakhale zimene simunaziganizire: palibe paliponse pamene function iyi idzalandire mawu m'malo mwa nambala. Test ndi yozama koma yopapatiza, mtundu ndi wotambalala koma wosaya. Pulogalamu yogwira ndalama kapena mankhwala a anthu ikufunika zonse ziwiri.

Akatswiri ofufuza anapeza zotani? Payenera kukhala manambala.

Alipo, koma ndi ofatsa kuposa mmene okangana amafunira. Mu 2017 Zheng Gao, Christian Bird ndi Earl Barr anatenga zolakwika 400 zimene zinali zitakonzedwa kale m'mapulojekiti a JavaScript a pa GitHub, n'kuonjezera mitundu ku khodi yolakwikayo kuti aone ngati TypeScript kapena Flow, zida zofufuzira mitundu mu JavaScript, zikanazigwira. Chilichonse mwa zida ziwirizo chinagwira pafupifupi 15 pa 100 zilizonse. Wina anganene kuti n'zochepa. Ine ndimati cholakwika chimodzi pa zisanu ndi ziwiri, mwa zimene zinadutsa kale maso a olemba n'kulowa mu pulojekiti, si chinthu chochitaya. Koma zisanu ndi chimodzi zotsalazo zikutikumbutsanso kuti zolakwika zambiri ndi za kaganizidwe.

Kafukufuku wina wotchuka, wa Baishakhi Ray ndi anzake mu 2014, anayang'ana mapulojekiti oposa 700 a pa GitHub n'kupeza kuti zinenero za static zikuoneka kuti zili bwinoko pang'ono. Mu 2019 Emery Berger, Jan Vitek ndi anzawo anabwereza ntchitoyo ndi manambala omwewo, ndipo zambiri mwa zimene zinanenedwa sizinatsimikizike, zotsalazo zinali zazing'ono kwambiri. Munthu akakuuzani kuti sayansi inagamula kale mlanduwu, mufunseni kuti inagamula liti.

Nanga n'chifukwa chiyani zinenero zambiri za dynamic zikuonjezera mitundu masiku ano?

Chifukwa mapulogalamu ake anakula, ndipo olemba ake anachuluka. Khodi ya mizere 300 imakwana m'mutu mwa munthu mmodzi. Ya mizere miliyoni, yolembedwa ndi anthu mazana amene ena anachoka kalekale, sikwana m'mutu mwa aliyense.

Taonani mmene zinayendera. Mu 2006 Jeremy Siek ndi Walid Taha analongosola gradual typing, njira yoti mbali ina ya pulogalamu ikhale ndi mitundu yolembedwa, ina ikhale yopanda, zonse n'kumagwira ntchito limodzi. Mu 2012 Microsoft inatulutsa TypeScript, motsogozedwa ndi Anders Hejlsberg, yemwe anapanganso Turbo Pascal ndi C#. Mu 2014 Facebook inatulutsa Hack pamwamba pa PHP, ndipo PHP 7 ya mu 2015 inalola kulengeza mitundu ya manambala ndi mawu. Chaka chomwecho Python 3.5 inabwera ndi ma type hint, ndipo Guido van Rossum mwini wake, amene anatulutsa Python mu 1991, anali m'gulu la olemba chikalata chake, PEP 484. Ku Dropbox, komwe iye ankagwira ntchito limodzi ndi Jukka Lehtosalo, woyambitsa mypy, chida chofufuzira mitundu mu Python, anafika pofufuza mizere ya Python yoposa 4 miliyoni. Stripe inapangira Ruby chida chotchedwa Sorbet. Ngakhale a WhatsApp aja anadzipangira chofufuzira mitundu ya Erlang, eqWAlizer.

Mbali inayo nayonso inasuntha: C# inalandira mawu akuti `dynamic` mu 2010. Koma ulendo waukulu walowera mbali imodzi, ndipo amene anauyenda ndi anthu omwe amakonda zinenero zawo za dynamic, amene sanafune kuzisiya.

Ndiye ndikalemba TypeScript ndatetezeka?

M'kati mwa mpanda wanu, kwakukulukulu inde. Pachipata ayi. Mitundu ya TypeScript imafufutidwa khodi ikamasandulizidwa kukhala JavaScript, ndipo pulogalamu ikamayenda sipakhalanso woiyang'anira. Python nayo siumiriza ma type hint pulogalamu ikuyenda. Muyenera kuyendetsa mypy kapena Pyright padera. Mukalemba kuti uthenga wochokera ku seva uli ndi msinkhu umene ndi nambala, mwangonena chiyembekezo chanu. Seva ikatumiza mawu, alowa popanda wowafunsa. Palinso mawu akuti `any`, amene amauza TypeScript kuti apa isayang'ane, ndipo akachuluka mumatsala ndi JavaScript yovala jekete.

Choncho chilichonse chochokera kunja, kaya fomu, fayilo kapena uthenga wa pa netiweki, chifufuzidwe pachipata pulogalamu ikuyenda. Zida zake zilipo, monga Zod ku TypeScript ndi Pydantic ku Python.

Pachipata pomwepo mpamenenso mumasankha mtundu, ndipo musasankhe ndi maso okha. Nambala ya foni imaoneka ngati nambala. Koma sungani nambala ya kuno kwathu yoyamba ndi 099 kapena 088 ngati integer muone: ziro woyambayo asowa, ndipo chizindikiro cha mu +265 chilibe pokhala. Amene anatsegulapo mndandanda wa manambala a foni mu Excel anaziona zimenezi. Dzifunseni ngati pali tsiku limene mudzaphatikize manambala awiri a foni. Ngati palibe, imeneyo si nambala, ndi mawu olembedwa ndi manambala.

Inuyo mungandiuze kuti ndiyambe ndi chiti?

Yambani ndi Python ngati simunalembepo kanthu, chifukwa muona zotsatira tsiku loyamba, ndipo chimene chimagwetsa ophunzira ambiri ndi kutaya mtima. Koma chaka chisanathe phunziraninso chinenero chimodzi cha static, kaya Java, Go, Kotlin kapena C#, ndipo mulembemo kanthu kenikeni. Kukanidwa ndi compiler kumaphunzitsa munthu kufunsa funso limene Python imakulolani kuzengereza: chinthu ichi n'chiyani kwenikweni, ndipo chingakhale chopanda kanthu? Mukabwerera ku Python mudzalemba mosiyana. Ntchito nayo ikufuna zonse ziwiri: DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umasungiramo ziwerengero za m'zipatala, inapangidwa ku University of Oslo ndipo mtima wake ndi Java, pamene nkhope yake ndi JavaScript. Mapulogalamu a Android masiku ano amalembedwa kwambiri mu Kotlin.

Pa ntchito yeniyeni, muyezo wanga ndi uwu. Kapulogalamu ka madzulo amodzi, kowerenga ine ndekha, ndimalemba mwaufulu. Koma pulogalamu imene munthu wina adzaiwerenge, kapena imene idzakhale zaka, kapena yokhudza malipiro, ngongole ndi mbiri za odwala, ndimalemba mitundu ndipo ndimaifufuza ndi chida. M'mabungwe athu ambiri wolemba pulogalamu amakhala mmodzi kapena awiri, kontrakiti ikatha amapita, ndipo wobwera pambuyo amalandira khodi yopanda womulongosolera. Munthu ameneyo ndimamuganizira kwambiri. Mitundu yolembedwa ndi mawu amene mwamusiyira.

Ndili kale ndi pulogalamu yaikulu ya Python yopanda mitundu. Ndiyambire pati?

Musailembenso, ndipo musayese kumaliza yonse sabata imodzi. Ikani mypy kapena Pyright, muiyendetse mmene khodi ililimu, muone zimene ikunena. Kenako sankhani ma function amene amaitanidwa kuchokera malo ambiri, makamaka ogwira ndalama ndi masiku, muwalembere chimene amalandira ndi chimene amabweza: `ndalama: int` pa cholowa, `-> int` pa chotuluka. Function imene nthawi zina imabweza None, null ya Python, inenedwe choncho poyera, pakuti m'menemo ndi mmene mumabisala zolakwika zambiri zakale. Khodi yatsopano iliyonse ibwere ndi mitundu yake, ndipo fayilo yakale ilandire mitundu tsiku limene mwaitsegula kuti mukonzemo kanthu. Chomaliza, konzani kuti chida chofufuziracho chiziyenda chokha nthawi iliyonse munthu akatumiza khodi, ndipo chikakana khodiyo isalowe.